Gusheshe ndi Zinzake: Galimoto Zakale za ku Germany ku Ndola ndi ku Kitwe

Pali mtundu wa galimoto umene kunja umaoneka ngati saluni wamba ya banja, ya mipando isanu ndi buti kumbuyo, koma pansi pa boneti pali injini yamphamvu kuposa msinkhu wake, ndipo mabuleki, mashoko ndi chiwongolero zinapangidwira liwiro. Makampani amene anatchuka kwambiri ndi galimoto zoterezi ndi awiri a ku Germany: BMW ya mumzinda wa Munich ndi Mercedes-Benz ya ku Stuttgart. Zimene anthu akuzisaka lero ndi zopangidwa kuyambira m'ma 1970 mpaka chakumayambiriro kwa m'ma 1990. M'mizinda ya ku migodi ya Zambia zidakalipo, ngakhale kuti si zambiri. Zina zimatuluka Loweruka ndi Lamlungu zikunyezimira waliwali. Zina zagona zaka pa njerwa kuseri kwa nyumba, ku Pamodzi, ku Chifubu kapena ku Lubuto mumzinda wa Ndola, ku Chimwemwe kapena ku Ndeke mumzinda wa Kitwe, zitafunditsidwa tenti, eni ake akutolera masipeya pang'onopang'ono.

Kumene zinachokera

M'chaka cha 1959 kampani ya BMW inatsala pang'ono kugwa, moti panali maganizo oigulitsa kwa Daimler-Benz, eni ake a Mercedes. Inapulumuka wamalonda wina, Herbert Quandt, ataikamo ndalama zake, ndipo mu 1961, pa chionetsero cha galimoto ku Frankfurt, inatulutsa saluni yatsopano yotchedwa 1500. Kuchokera pamenepo mzere wake ndi woongoka. Mu 1968 kunabwera 2002, yaing'ono, ya zitseko ziwiri ndi injini ya malita awiri. Mu 1975 kunabwera 3 Series yoyamba, ndipo mu 1982 yachiwiri, imene imadziwika ndi nambala yake ya ku fakitale, E30. Okonda galimotozi amalankhulana ndi manambala amenewa. Akati E30, E28 kapena E36 akunena za BMW. Akati W123, W124 kapena W201 akunena za Benz, ndipo mnzawo amadziwiratu maonekedwe a thupi, zaka zimene inapangidwa ndi masipeya amene angalowane.

Chimene chimazisiyanitsa ndi Corolla kapena Vitz chili pansi. Galimoto zazing'ono zambiri za ku Japan zimakoka ndi matayala a kutsogolo, omwewonso ndiwo amakhota. Pa BMW ndi Benz zakalezi injini ili kutsogolo, koma mphamvu imadutsa mu shafuti yaitali mpaka ku matayala a kumbuyo, amene amakankha, a kutsogolo n'kutsala ndi ntchito yokhota yokha. Kulemera kumagawanika bwino pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, chiwongolero chimamva msanga, ndipo dalaivala akaponda moto kwambiri pa kona, kumbuyo kumaterereka n'kuyamba kuzungulira. Khalidwe limeneli ndi loopsa kwa wosazolowera, makamaka pa tala wonyowa, koma ndi limenenso linadzabala masewera otchuka kummwera kwa Africa kuno. Pa BMW palinso injini ya masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi. Injini yotereyi sinjenjemera, ndipo kulira kwake munthu woidziwa amakuzindikira galimoto isanatulukire pa kona.

Zothamanga kwambiri mwa izo zinabadwa chifukwa cha lamulo la mipikisano. M'zaka za m'ma 1980, kampani yofuna kulowetsa saluni yake m'gulu la mpikisano lotchedwa Group A inkayenera kupanga galimoto za mtundu womwewo zosachepera 5,000 pa chaka, zoti anthu wamba azigula. Choncho chilichonse chimene amisiri ankachifuna pa bwalo la mpikisano chinkayenera kupezekanso pa msewu. Mercedes inatenga saluni yake yaing'ono, 190E, n'kuiika mutu wa injini wa mavalavu 16 wokonzedwa ndi kampani ya Cosworth ya ku England. Mu Ogasiti 1983, pa bwalo la Nardò ku Italy, galimoto ya mtunduwu inayenda makilomita 50,000 m'maola 201, usana ndi usiku, pa liwiro la makilomita pafupifupi 248 pa ola. Chaka chotsatira, potsegulira bwalo latsopano la Nürburgring, akatswiri odziwika anapatsidwa galimoto zofanana za mtundu womwewu kuti apikisane, ndipo anapambana ndi mnyamata wa ku Brazil amene anali atangolowa kumene mu Formula One, Ayrton Senna. BMW inayankha mu 1986 ndi M3, ya thupi la E30 lokulitsidwa m'mbali ndi injini ya masilinda 4 ya malita 2.3. Galimoto ziwirizi zinalimbana zaka zingapo mu mpikisano wa ku Germany wa DTM.

Panalinso zazikulupo. M5 yoyamba inatuluka mu 1985, ndipo kuyambira mu 1990 Mercedes inapanga 500E ya injini ya V8 mothandizana ndi Porsche. Zimenezi kuno n'zosowa kwambiri. Zimene zimapezeka m'mayadi a ku Ndola ndi ku Kitwe ndi abale awo wamba: 318i, 320i, 323i, 325i, ndi ma Benz a 190E, 230E ndi 280E.

Njira ya ku South Africa

M3 ya E30 fakitale inkaipanga ndi chiwongolero cha kumanzere chokha. Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi South Africa onse amayendetsa kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja, kotero galimoto yotchukayo sinali ya misewu ya kuno. Mpatawu unatsekedwa ndi fakitale ya Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, imene mu 1973 inakhala fakitale yoyamba ya BMW kunja kwa Germany. Amisiri a kumeneko anali kale ndi chizolowezi chodzipangira zawozawo. Mu 1976 anatulutsa 530 MLE, imene anaipepuza pobowola timabowo m'zitsulo zina za thupi lake, ndipo zinapangidwa zongopitirira pang'ono 200. Mu 1985, mothandizana ndi kampani ya Alpina, anatenga injini ya malita 3.2 ya saluni yaikulu ya 7 Series n'kuilowetsa m'thupi laling'ono la E30. Imeneyi ndiyo 333i. Injiniyo inadzaza malo onse pansi pa boneti, moti wogula ankasankha chimodzi: makina oziziritsa mpweya kapena pampu yofewetsa chiwongolero, chifukwa zonse ziwiri sizikanakwana. Nazonso zinapangidwa pafupifupi 200 basi.

Yotchuka koposa inabwera mu 1990. Inali 325iS, ya injini yokulitsidwa kufika malita 2.7, mphamvu ya makilowati 145, boneti ndi zitseko za aluminiyamu. Ya chaka chotsatira inafika makilowati 155. Inapangidwira kulimbana ndi Opel Kadett Superboss mu mpikisano wa Group N, ndipo zonse pamodzi zinali pafupifupi 500. M'makomboni a Soweto anaitcha gusheshe, dzina limene lero limaperekedwa pafupifupi kwa E30 iliyonse ya masilinda 6, ndipo lawoloka Limpopo ndi Zambezi limodzi ndi galimotozo. Fakitale ya Rosslyn inapitiriza kupanga 3 Series mpaka 2018, itatulutsa zoposa miliyoni imodzi.

Mercedes nayo inali ndi fakitale yake ku East London, kumene galimoto zake zinayamba kulumikizidwa mu 1958. Mu 1990, Nelson Mandela atatuluka m'ndende, antchito a pa fakitaleyi anagwira maola ena osalipidwa kuti amupangire S-Class yofiira.

Zonsezi zinkachitika m'nthawi ya tsankho, pamene Zambia inali m'gulu la mayiko olimbana ndi boma la azungu ku Pretoria ndipo likulu la chipani cha Mandela cha ANC linali ku Lusaka. Msewu wa malonda unatseguka bwino m'ma 1990, tsankho likutha ndiponso boma la Frederick Chiluba, lomwe linalowa mu 1991, litamasula malamulo oitanitsira katundu kunja. BMW zambiri zakale zimene zili ku migodi lero zinalowa m'dziko kudzera njira imeneyi, zitayenda kale zaka zingapo m'misewu ya Johannesburg kapena Durban.

Mizinda ya amisiri

Galimoto yakale imakhalitsa kumene kuli manja oidziwa, ndipo pa chimenechi dera la migodili, lotchedwa Kopala, lili ndi mbiri yakeyake. Migodi ya mkuwa inabweretsa ndalama, misewu ya tala ndi anthu okonda liwiro. Kunali bwalo la mpikisano ku Garneton pafupi ndi Kitwe, ndi lina lotchedwa Lawrence Allen ku Chingola. Ndola unali mzinda wa mafakitale: Rover Zambia inkalumikiza ma Land Rover, Dunlop inkapanga matayala, ndipo Indeni inayamba kuyenga mafuta mu 1973. Dzikoli linadzatulutsanso Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa Africa pa mpikisano wa rally kasanu ndi katatu. M'masiku amenewo Benz ya W123, yopangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, inali galimoto ya mabwana a m'boma ndi amalonda, yodziwika ndi kupirira misewu yoipa.

Mtengo wa mkuwa utagwa chapakati pa m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa ndipo masipeya anasowa nazo. Amakaniko a nthawiyo anaphunzira kukonza chimene anzawo a ku Ulaya akanangochitaya: kukulunganso mawaya a alitaneta, kudula gasiketi pa pepala lake, kusema bushi pa makina. Makampani a migodi ankaphunzitsa amisiri awo bwino, ndipo kampani ya boma ya migodi, ZCCM, itagulitsidwa kwa amalonda, ntchito imene inatha mu 2000, ambiri mwa ochotsedwa ntchito anatsegula magalaja ndi malo owotcherera m'makomboni. Luso limenelo lidakali m'manja mwa achikulire ena, ndipo ndilo likusunga galimotozi. Pa nthawi yomweyo galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan zinayamba kulowa mwaunyinji kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Zinali zotsika mtengo, zosamwa mafuta, masipeya ake ali paliponse. BMW ndi Benz zakale zinagwa mtengo, zambiri zinaphwasulidwa, zina zinagulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Zotsala lero ndi zimene zinapulumuka pa zaka zimenezo.

Kugula ndi kudzutsa

Ntchito yodzutsa galimoto yakale imayambira pa mapepala, sipanala isanagwiridwe. Nambala ya chasisi yodindidwa pa thupi la galimoto iyenera kufanana ndi ya mu white book, buku la umwini lochokera ku bungwe loona za pamsewu la RTSA. Galimoto yochokera ku South Africa imafunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, komanso umboni wakuti msonkho wa ku bungwe la misonkho la ZRA unalipidwa. Munthu akhoza kuthera zaka ndi ndalama pa galimoto imene tsiku lina idzalandidwa pa rodibuloko. Nambala yomweyo ndiyo imaulula ngati galimoto ilidi chimene wogulitsa akunena. Chizindikiro cha iS kapena cha M chimagulidwa pa shopu n'kumatidwa pa buti, ndipo ma 325iS amene akutchulidwa m'misika ya kummwera kwa Africa ndi ochuluka kuposa amene Rosslyn inapanga. Yeniyeni, yosungidwa bwino, ku South Africa imafika mtengo wa miliyoni imodzi ya rand kapena kuposa. Palibe chochititsa manyazi pa 318i yosamalidwa bwino yokhala ndi dzina lake lenileni, ndipo odziwa galimoto amailemekeza kuposa yovala dzina la eni.

Chachiwiri ndi dzimbiri. Kuno kulibe mchere wothira m'misewu umene umadya galimoto za ku Ulaya m'nyengo yozizira, n'chifukwa chake matupi a galimoto za kuno amakhala abwinopo. Koma Ndola amalandira mvula yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo galimoto yogona panja imalowa madzi. Pa E30 wodziwa amayang'ana pansi pa batire, m'munsi mwa galasi la kutsogolo pamene masamba a mitengo amatseka timabowo totulutsira madzi, m'mphepete mwa denga lotseguka, m'makona a buti ndi pa malo oikapo jeke. Amatukula kapeti n'kugwira pansi ndi dzanja; akapeza chinyontho, chitsulo chayamba kale kudyeka kunsi. Ena amayenda ndi kamaginito kokulunga m'kansalu, n'kumakayendetsa m'mbali mwa thupi. Pamene sikakugwira pa chitsulo, pamenepo pali phala lomatira lobisidwa ndi penti. Dzimbiri silichira ndi phala. Limadulidwa, chitsulo chatsopano n'kuwotcherera. Kupenta galimoto dzimbiri lisanachotsedwe kuli ngati kupaka laimu nyumba imene chiswe chadya kale mitengo ya denga.

Pa injini ya masilinda 6 ya E30, yotchedwa M20, pali zinthu ziwiri zimene zapha zambiri. Choyamba ndi lamba wa taimingi, amene amagwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi kutseguka kwa mavalavu. Ndi wa labala, ndipo amakalamba ngakhale galimoto itangoima. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amawomba mavalavu n'kuwapinda, ntchito ya lamba mmodzi n'kusanduka yotsegula injini yonse. Amakaniko ambiri amalangiza kumusintha zaka zinayi zilizonse, ndipo wogula galimoto yosadziwika mbiri yake amamusintha asanapite nayo kulikonse, pamodzi ndi pampu ya madzi. Chachiwiri ndi kutentha. Mutu wa injiniyi ndi wa aluminiyamu, ndipo ikawira kwambiri umapindika kapena kung'aluka. Chizolowezi chothira madzi a pampopi okhaokha mu radiyeta, popanda mankhwala ake, chimadya aluminiyamu m'kati mwakachetechete. Chizolowezi china chofala, chochotsa themositati poganiza kuti dziko lotentha siliifuna, chimangobisa vuto la radiyeta yotsekeka kapena fani yofooka. Radiyeta ikasinthidwa, mpweya wotsalira m'mapaipi uyenera kutulutsidwa pa kaboti kake mpaka madzi atuluke opanda thovu, apo ayi singano ya kutentha imakwera pa ulendo woyamba.

Benz ili ndi zakezake. Injini zake za nthawiyo zimayendera tcheni m'malo mwa lamba, ndipo zimapirira. Chovuta pa za petulo ndi makina a Bosch ogawa mafuta otchedwa K-Jetronic, amene amagwira ntchito ndi mphamvu ya mafuta eni akewo, ndipo sagwirizana ndi zinyalala kapena petulo wogonera. Galimoto ikaima zaka, thanki, pampu ndi fyuluta ziyenera kutsukidwa kapena kusinthidwa kiyi asanapotokoledwe. Makinawa amafuna geji yoyezera ndi munthu woleza mtima, ndipo ambiri anaonongeka chifukwa cha kupotokola zomangira mongoyerekeza. Pa W124 za chakumayambiriro mpaka chapakati pa m'ma 1990, chikopa cha mawaya a pa injini chimauma n'kumanyenyeka, mawaya n'kumagundana. Mankhwala ake ndi kusintha mtolo wonse wa mawayawo. Pa W123 maloko a zitseko amayendera mpweya wokokedwa ndi injini m'timapaipi tating'ono, ndipo kamodzi kakabooka zitseko zimasiya kumverana.

Miyendo ndiyo imalimbana ndi msewu tsiku ndi tsiku. Mabushi a labala, mashoko ndi mabolojointi a galimoto ya zaka makumi atatu amakhala atatopa, ndipo kuwasintha onse kumabwezera galimoto khalidwe lake kuposa china chilichonse. Achinyamata amakonda kuitsitsa kuti ikhale pafupi ndi nthaka ndi kuiveka marimu aakulu a matayala opyapyala. Pa msewu waukulu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe zimenezi zimaoneka bwino. M'misewu ya m'komboni nthawi ya dzinja, pamene madzi amabisa maenje, sampu ya E30 imakhala pangozi, popeza ili kutsogolo, m'munsi, ndipo ndi ya aluminiyamu. Mwala umodzi umaiboola, oyilo yense n'kuthera pansi. Eni ake anzeru amamangirira chitsulo chotchinga pansi pa injini.

M'kati mwa galimoto mdani ndi dzuwa. Dashibodi ya E30 imang'aluka, ndipo yosang'aluka ndi imodzi mwa zinthu zovuta kwambiri kupeza. Mipando imasokedwanso ndi osoka mipando a m'tauni, amene ena mwa iwo amatha kutsatira msoko wa ku fakitale akaonetsedwa chithunzi. Penti imabwera pomalizira penipeni, ngakhale kuti ndi imene mwini galimoto amailakalaka poyamba.

Masipeya amabwera m'njira zingapo. Zinthu zotha msanga monga mafyuluta, mapulagi, malamba ndi mabuleki zimapezeka m'mashopu a ku Ndola, Kitwe ndi Lusaka, ngakhale kuti zabodza zilipo zambiri ndipo lamba wa taimingi si chinthu chogula chifukwa chotchipa. Zosowa zimachokera ku Johannesburg, pa basi kapena pa thiraki, kudzera ku Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Makampani onse awiri ali ndi nthambi zosamalira galimoto zakale ku Germany, zimene zimagulitsabe masipeya ena, koma mtengo wake ukaphatikizidwa ndi wa ndege ndi msonkho umalemera kwa wolandira makwacha. Gwero lalikulu ndi galimoto zinzake zakufa. N'chifukwa chake pa yadi ya munthu wodzutsa E30 nthawi zambiri pamakhala ziwiri, ina yodzuka, ina yopereka ziwalo.

Gulu

Munthu mmodzi sangadziwe kumene kuli chilichonse, ndipo apa ndi pamene gulu limayambira. Eni galimotozi amadziwana, ndipo masiku ano amakumana kwambiri pa WhatsApp ndi Facebook. Wina akafuna nyali ya kumbuyo amajambula yosweka n'kutumiza. Mnzake wa ku Luanshya kapena ku Mufulira amakumbukira yadi imene anaonako galimoto yotere itagona. Zida zosowa, monga geji yoyezera mphamvu ya mafuta kapena chokokera mabushi, zimabwerekanidwa. Dzina la makaniko wodziwa K-Jetronic, kapena la wowotcherera wosapsereza chitsulo chopyapyala, limayenda pakamwa. Chimodzimodzinso chenjezo la wogulitsa wachinyengo.

Chikondwerero chake n'chosavuta. Galimoto zimatsukidwa m'mawa, zimakumana pa malo omwetsera mafuta kapena poimika galimoto pa sitolo zazikulu, maboneti n'kutsegulidwa. Anthu amazungulira, kusuzumira, kufunsa kuti ichi chinapezeka kuti. Kenako zimanyamuka mondondozana pa msewu wa makilomita pafupifupi 60 wa pakati pa mizinda iwiriyi, ulendo n'kukathera pa nyama yowotcha. Benz yakale yosamalidwa imapemphedwanso kunyamula akwati. Pa misonkhano yotereyi amakumana anthu amene kwina sakanakhalira pamodzi: injiniya wa ku mgodi, wamalonda, mnyamata wophunzira umakaniko, ndi mdala amene anayendetsa W123 ili yatsopano. Mawu a mdala woteroyo amamveka, chifukwa zimene akudziwa sizinalembedwe m'buku lililonse lopezeka kuno.

M'gulumu muli kusiyana maganizo kumodzi kwakukulu, ndipo kumachokera ku masewera otchedwa spinning. Anayambira m'makomboni a ku South Africa, makamaka Soweto, cha m'ma 1980, ndipo poyamba ankachitika pa maliro a zigawenga, kawirikawiri ndi galimoto zobedwa. Pang'onopang'ono anachoka m'manja mwa zigawenga n'kulowa m'mabwalo otchingidwa, mpaka mu 2014 bungwe la Motorsport South Africa linawavomereza kukhala masewera enieni. Lero ali ndi akatswiri odziwika, monga Samkeliso Thubane ndi Stacey-Lee May, ndipo afika ku Zambia ndi mayiko ena oyandikana nawo. Dalaivala amazunguliritsa galimoto pamalo amodzi, matayala a kumbuyo akufuka utsi, nthawi zina n'kutuluka pa windo kapena kutsika galimoto ikuzungulirabe. Galimoto yake ndi E30, chifukwa ndi yopepuka, yaifupi ndiponso yokankha ndi kumbuyo.

Kuti isipine bwino imasinthidwa. Difu, imene ntchito yake ndi kulola tayala lakunja kuthamanga kuposa lam'kati pa kona, imawotcheredwa kuti matayala onse awiri azizungulira limodzi. Mipando ya kumbuyo ndi makapeti zimachotsedwa. Injini yake ikatopa, ambiri amaikamo ya BMW yatsopanopo kapena V8 ya Lexus. Matayala a kumbuyo amatha m'mphindi zochepa. Osunga galimoto monga inatulukira ku fakitale amaona kuti thupi lililonse lolowa m'bwalo latayika, popeza E30 inasiya kupangidwa mu 1994 ndipo sizidzawonjezekanso. Osipina amayankha kuti matupi ambiri amene amagwiritsa ntchito anawatola atatayidwa kale, ndiponso kuti popanda masewerawa achinyamata sakanaidziwa n'komwe galimotoyi. Mbali zonse zili ndi mfundo. Thupi lodyeka kale kapena lochita ngozi silitaya kanthu polowa m'bwalo, koma 325i yathunthu, ya mapepala abwino ndi dashibodi yosang'aluka, ndi yosowa kwambiri moti kuidula ndi kutaya chinthu chosabwezeka. Pamene mbali ziwirizi siziyenera kusiyana ndi pa malo ochitira masewerawa. Galimoto yolemera kuposa tani imodzi ikaphonya pa mphambano ya m'komboni, pamene ana athamangira kudzaonerera, palibe chowatchinga. Malo ake ndi bwalo lokhala ndi zotchinga, chilolezo ndi oyang'anira, ndipo m'dziko muno masewera a galimoto ali ndi bungwe lake, Zambia Motor Sport Association.

Eni ake ayeneranso kukumbukira msinkhu wa galimoto zawo. E30 zambiri zilibe matumba a mpweya otchinjiriza pa ngozi, zina zilibe mabuleki a ABS, ndipo palibe kompyuta yowongola galimoto ikayamba kuterereka. Mapaipi a labala a mabuleki ndi a petulo a zaka makumi atatu amafunika kusinthidwa ngakhale akuoneka abwino, ndipo kachitini kozimitsira moto m'galimoto si chokongoletsera.

Zimene zikubwera pambuyo

Mzere wa galimoto zotchedwa zakale ukusuntha. E36, yopangidwa m'ma 1990, imene ku South Africa amaitcha dolphin, yayamba kusakidwa, makamaka 325i, 328i ndi M3. Pambuyo pake pali E46 ndi ma Benz a W202 ndi W203, amene ambiri analowa m'Zambia kuchokera ku Japan ndi ku Britain, mayiko amenenso chiwongolero chili kumanja. Matenda ake ndi ena. Mbali zambiri za njira ya madzi oziziritsa injini ndi za pulasitiki, zimene zimauma n'kuphulika mosachenjeza, ndipo odziwa amazisintha zonse nthawi imodzi zisanafike pamenepo. Injini, giyabokosi, mabuleki ndi maloko zimalamulidwa ndi timakompyuta tolankhulana, moti makaniko amayamba walumikiza makina owerengera zolakwika asanamasule boti iliyonse. Achikulire amene amadziwa vuto la injini pongoimvetsera akugwira ntchito limodzi ndi achinyamata odziwa laputopu, ena mwa iwo ochokera ku Northern Technical College mumzinda wa Ndola, kumene umakaniko wa galimoto umaphunzitsidwa. Kabokosi ka kompyuta kakapsa sikasemedwa pa makina monga bushi. Kamafunika kena ka nambala yofanana, ndipo pa galimoto zambiri za zaka zimenezi kayenera kugwirizanitsidwa ndi kiyi ndi makina oletsa kuba injini isanavomere kulira.